Makoswe a bambo a Hana

Polisi ya Mangochi, Lachitatu pa 14 Novembala, 1984.

Ine, Enid Chikwenga, wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, wa ku Malindi koma wokhala ku Nkopola, wowamba ndi kugulitsa nsomba, ndabwera ndekha, palibe wandiitana. Khadi langa la chipani ndi ili, mwaliona. Mutu wanga uli bwinobwino, mtima wokha ndiwo suli m'malo.

Amuna anga, a Jenkins Chikwenga, bambo a Hana, ali m'chitokosi mwanu muno kuyambira Lolemba. Akuti anaononga dala ntchito ya boma, ndipo akuti anatumidwa ndi anthu a kutsidya kwa malire amene amakumana nawo ku Chiponde. Ndamva kuti mawa m'mawa kukubwera galimoto yowatengera ku Zomba. Tonse tikudziwa kuti wopita ku Zomba pa mlandu wotere sauzidwa tsiku lobwerera. Iwo akukana kulankhula. Ndiye ndilankhula ine, ndipo ndikupempha kuti mulembe msanga.

Bambo a Hana ndinawadziwa akugwira ntchito pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Namwera. Anali a ku nazale. Asanafese mbewu, ankabaya nthaka ndi chipampu chonga jekeseni wamkulu, kuthira mankhwala opha tizilombo totupitsa mizu. Mankhwalawo ankabwera m'migolo, ndipo iwo ankatunga ndi chitini, m'manja mulibe chovala, kumapazi kulibe nsapato. Akatayikira pa kabudula ankangouma okha. Anagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi ziwiri. Fungo lake linali lolasa m'mphuno, ndipo silinkachoka ngakhale uchape ndi sopo wa mtanda. Pondifunsira ankanunkha fungo limenelo, moti anzanga ankandiseka kuti ndikukwatiwa ndi mgolo.

Tinakwatirana m'tchalitchi ku Malindi mu 1974. Tili ndi mwana mmodzi, Hana, wobadwa mu 1980. Za zaka za pakatipo ndinena kutsogoloku, poti ndaona kuti sindingazilumphe.

Mu 1982 bambo a Hana anapeza ntchito pa malo ofufuzira za mankhwala amene ali kuseri kwa Nkopola, ndipo tinasamukira kumeneko. Mkulu wa pamalopo ndi a Dokotala Maurice, kwawo ku Likoma, munthu wofatsa wophunzira kunja. Kapitawo ndi Bambo Willard. Pachipata pamakhala mlonda, Che Abudu. Ntchito ya bambo a Hana inali yosamalira makoswe oyera, a maso ofiira, amene amakhala m'timakola ta waya m'nyumba yaitali ya malata. Ankawadyetsa, kuwapatsa madzi ndi kuwasinthira utuchi. Anthu a m'dera ankati amuna anga ndi m'busa wa makoswe. Iwo sankapsa mtima, ankangoyankha kuti nkhosa zawo sizilowa m'munda mwa munthu.

Lamulungu ankagwira okha, ndiye tikaweruka kutchalitchi ine ndinkapita kukawathandiza kutsuka mabotolo a madzi kuti amalize msanga. A Dokotala ankadziwa ndipo sanaletse. N'chifukwa chake zimene ndikunenazi zambiri ndinaziona ndi maso anga.

Chaka chino chitangoyamba anabweretsa mankhwala oti ayesedwe. Tsiku loyamba kulowa m'nyumbamo mankhwalawo atabwera, ndinaima pakhomo. Ndinati, "Bambo a Hana, fungo ili ndi la ku Namwera." Iwo anati, "Ndi omwe aja. Boma likufuna kudziwa ngati apitirire kugwiritsidwa ntchito m'maesiteti, chifukwa kunja akuti akuwakayikira."

Kayesedwe kake kanali kotere, monga anandifotokozera iwo. Makoswe aamuna okha ndiwo ankamwetsedwa mankhwala, kudzera pa kapaipi kolowetsa kukhosi. Ena ankamwa ambiri, ena pang'ono, ndipo ena sankamwa konse. Kenako mwamuna aliyense ankapatsidwa akazi ake awiri osamwa kanthu, n'kukhala nawo sabata. Akaziwo ankachotsedwa, n'kudikira kuti aone ngati atenga bere, ndiponso ngati ana abadwe amoyo ndi athunthu. Mwamuna wobereketsa ankasungidwa kuti apatsidwe akazi ena. Wolephera ankapakidwa penti wofiira pakhola, ndipo Lachinayi ankaphedwa, a Dokotala n'kumutumbula, kuyeza ziwalo zake zaumuna pa sikelo ndi kuyang'ana mbewu yake pa makina.

Omwa mankhwala ambiri anayamba kulephera mwezi usanathe. Bambo a Hana anandionetsa mmodzi wotumbulidwa. Ziwalo zake zinali zitafota ngati mtedza wopanda mvula. Anangovundikira mbale imene munali khosweyo n'kupita kukasamba m'manja nthawi yaitali.

Wopaka penti anali Bambo Willard, ndipo Bambo Willard pakamwa pawo palibe chitseko. Izi ndinazimva ndekha tsiku lina Loweruka, nditapititsa chakudya. Ananyamula khoswe kumchira, n'kumuzunguliza m'mwamba, amvekere, "Onani bwana uyu. Akazi awiri sabata yathunthu, kungodya ndi kugona. Wagwa m'papaya ameneyu. A Jenkins, kwanu gojo wotere mumatani naye? Kwathu timamusenzetsa mphasa yake." Anaseka mpaka kutsokomola. Che Abudu anali pawindo, poti iwo m'nyumba ya makoswe salowa, ndipo anati, "Bambo Willard, cholengedwa cha Mulungu sachiseka." Bambo a Hana anali kusesa. Anasesa malo amodzi omwewo mpaka Bambo Willard atatuluka.

Kuyambira pamenepo kunyumba kunalibe mtendere. Lachitatu lililonse, poti mawa lake n'lopha makoswe, chakudya chinkabwerera. Ankakhala pampando, kudzuka, kupita kuthandala kukatembenuza usipa umene ndatembenuza kale, kubwerera, kufunsa nthawi. Hana akawakwera pamwendo ankamugwira mwamphamvu mpaka mwana kudandaula. Ndikafunsa ankati mutu.

Omwa pang'ono nawonso anayamba kulephera. Cha mu Meyi, Lamulungu lina masana, ndikutsuka mabotolo, ndinaona bambo a Hana akutsegula khola la ku mzere wa makoswe osamwa mankhwala. Anatulutsa mwamuna mmodzi wonenepa. Anapita naye ku mzere wa omwa pang'ono, anatulutsa mwini khola n'kumuika m'thumba la ovolosi, ndipo wonenepa uja anamusiya ndi akazi a mnzake. Anatero makola angapo. Amene anali m'thumba anakawaika m'makola a anzawo aja, kuti akagone kumeneko.

Ndinati, "Mukutani?"

Anati, "Ndikuwathandiza."

Ndinati, "A Dokotala anakutumani?"

Anati, "Enid, Lachinayi likubwera. Awa sanalakwe kanthu. Anawamwetsa okha, lero akuwaseka okha. Munthu zikamuvuta m'nyumba, abale ake amamuthandiza mwakachetechete. Mawa ndilawirira ndidzawabwezera aliyense kwake, palibe adziwe."

Ndinati, "Ndiye mukulowetsa fisi m'khola la makoswe?"

Anati, "Usakweze mawu."

Mwandifunsa ngati ndikudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Inu a polisi ndinu a dziko lomwe lino, mukudziwa. Mwamuna akakhala kuti sabereka, akuluakulu amapangana mobisa, n'kupeza mwamuna wina, makamaka mbale wake, kuti alowe m'nyumbamo. Mwana wobadwayo ndi wa mwini nyumba, ndipo nkhaniyo siitchulidwanso. Amene walowayo ndiye fisi. Zimenezi n'zimene bambo a Hana anachitira makoswe awo. Ndinaseka tsiku limenelo, sindikana. Mwamuna wamkulu, wandevu zake, makoswe ali yakaliyakali m'matumba, akuyenda monyang'ama ngati ali m'chipinda cha odwala. Koma pobwerera kunyumba mantha anandigwira.

Anapitiriza milungu yambiri. Akazi a mzere umenewo anayamba kutenga mabere, ana n'kumabadwa ambirimbiri. Penti wofiira anachepa. Bambo Willard anasowa choseka, ndipo bambo a Hana anayambanso kudya.

Cha mu Ogasiti anabwera kunyumba nkhope itagwa. Anati a Dokotala awayamikira chifukwa chosamala bwino ziweto, ndipo awauza kuti zotsatira zaonetsa kuti mankhwala aja amaononga akachuluka kwambiri, koma pang'ono alibe vuto. Anati alembera akuluakulu ku Lilongwe kuti m'maesiteti angathe kupitiriza.

Apa ndinapsa mtima. Ndinati, "Nanga anyamata amene ali ku nazale lero? Mwezi wamawa ayamba kubaya nthaka. Mwapulumutsa makoswe, anthu mwawasiya pamoto."

Anati, "Ndikudziwa."

Ndinati, "Pitani mukawauze a Dokotala."

Anati, "Akandifunsa chifukwa chake ndikanene chiyani?"

Tsiku lililonse ankati mawa ndinena. Ankavala, kufika pachipata cha ntchito atakonza mawu, madzulo n'kubwera nawo mawuwo osawatula. Anawonda. Ine ndinkapsereza nsomba pa waya chifukwa maganizo anali kwina, mpaka Keti, mnzanga amene timawamba limodzi, anandifunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Koma zosinthanitsa zija anasiya, zimenezo ndikuchitira umboni.

Anadzachitanso kamodzi kokha, mu Okutobala. Panali khoswe wina wa khutu long'ambika amene anamulera ndi manja mayi wake atafa. Ankamutcha Mkamwini, ati chifukwa chofatsa ndi kudya moyang'ana pansi. Mkamwini anali wa mzere wa omwa pang'ono, ndipo atasiya kumuthandiza analephera. Bambo Willard anati akalepheranso apakidwa penti. Nthawi imeneyo aamuna oyera osamwa mankhwala anali atatumbulidwa onse, poti kuyesa kunali kumapeto. M'chipinda china munali makoswe a mtundu wina, a thupi loyera koma mutu wakuda, amene a Dokotala ankasungira ntchito ina. Lamulungu limenelo ndinaona bambo a Hana akutuluka m'chipindamo ndi mmodzi wa amenewo.

Ndinati, "Bambo a Hana, inu simukudziwa kuti fisi amasankha wofanana ndi mwini nyumba? Mbuzi yakuda mwaiona ikubereka chiyani?"

Anati, "Akazi onse awiri ndi oyera. Mwina ana atengera kuchikazi."

Ndinati, "Mwina."

Anati, "Ndi womaliza. Sindingamuone Willard akumuzunguliza kumchira."

Ndinawagwira mkono, anandichotsa dzanja mwaulemu, ndipo anatsegula khola la Mkamwini.

Tsiku limene zinaululika ine sindinalipo. Ndikunena zimene anandiuza Che Abudu, amene anaonera pawindo. Ana anabadwa sabata yatha. Patapita masiku ochepa, timitu tawo tinayamba kuda. Bambo Willard anathamanga kukaitana a Dokotala. Che Abudu akuti a Dokotala poyamba anasangalala kwambiri. Anati makoswe oyera okhaokha sangabereke wa mutu wakuda, ndiye kuti mankhwala asintha mbewu ya mwamunayo, chinthu chachikulu choti dziko lonse limve. Anatuma munthu kukatenga kamera. Kamera isanafike anakhala pansi, kuyang'anitsitsa anawo, n'kuona kuti onse asanu ndi atatu ndi ofanana, akuda malo amodzimodzi. Anadzuka, analowa m'chipinda china chija, anabwerera ndi khoswe wa mutu wakuda n'kumuika pambali pa anawo.

Anafunsa kuti, "A Jenkins, ndinu?"

Bambo a Hana anati, "Ndine."

"Kamodzi kokha?"

"Ayi. Kuyambira mu Meyi. Mzere wonse wa omwa pang'ono."

Che Abudu akuti a Dokotala anavula magalasi n'kugwira kumaso. Anati, "Ntchito ya chaka chathunthu. Ndipo kalata ndinatumiza kale. Mwatani, achimwene? Chifukwa chiyani?" Bambo a Hana anangoyang'ana pansi. Anawafunsa mobwerezabwereza, mofatsa ndi mokalipa, osayankha.

A Dokotala ankafuna kungowachotsa ntchito. Koma Bambo Willard ndiwo amasainira makola onse, ndiye anaona kuti mlandu ungawagwere. Sindikuti anachita mwa nkhanza yokha, mantha analipo. Anakwera njinga kubwera kuno. Ananena kuti munthu sangaononge ntchito ya boma popanda womutuma, ndipo kuti a Jenkins apempha tchuthi kawiri chaka chino kupita ku Chiponde, kumene alibe munda kapena malonda. Za maulendo awiriwo sananame. Lolemba masana Che Abudu anafika kuthandala ali wefuwefu, anati, "Mayi a Hana, amuna anu atengedwa pa Landirova. Walahi, sanabe kanthu, koma sakudziteteza."

Dzulo munandilola kuwaona. Ndinawapeza atakhala pakona, malaya ali m'manja. Ndinati, "Auzeni chifukwa chake. Akamva akumasulani." Anati, "Bola ndikafere ku Zomba." Ndinati, "Ndiye ndinena ine." Anadzuka, anafika pafupi ndi zitsulo, anati, "Enid, ukanena, usadzandiyang'anenso kumaso. Hana adzayenda bwanji pakati pa anzake? Iwe kutchalitchi udzakhala mpando uti? Ine ndapirira kuti nyumba yathu ikhale ndi ulemu. Usandivule pagulu." Wapolisi anati nthawi yatha.

Kuchoka pano sindinapite kunyumba. Ndinakwera matola mpaka ku Nkopola, n'kupita kwa a Dokotala. Ndinawapeza m'nyumba ya makoswe, akudyetsa okha, utuchi uli m'tsitsi. Ndinawapempha kuti abwere kuno adzanene kuti amuna anga si chigawenga. Anati, "Mayi, ndinapita kale. Andifunsa kuti ngati sanatumidwe, anachitiranji? Ine sindikudziwa. Inenso akundiyang'ana ndi diso lina."

Ndinati, "A Dokotala, ndifunse. Munthu amene anagwira mankhwala amenewa ndi manja zaka zisanu ndi ziwiri, akumunyowetsa zovala, angakhale ngati makoswe aja?"

Anasiya chimene ankachita. Anati, "Ndani?"

Ndinati, "A Jenkins. Ku nazale, ku Namwera."

Anati, "Sanandiuzepo. Kunja zinachitikapo kwa amuna ogwira ntchito m'fakitale yopanga mankhwala otere. Munthu amaoneka wamphamvu, m'nyumba zonse zimayenda, koma mbewu mulibe. N'chifukwa chake tikuyesa." Kenako anafunsa, "Muli ndi ana?"

Ndinati, "Mmodzi."

Anapumira m'mwamba, anati, "Ndiye kuti a Jenkins anapulumuka. Tithokoze Mulungu."

Ndinatsanzika. Ndinayenda wapansi mtunda wautali ndisanakumbuke kuti nyumba yathu ndaipitirira. Zaka zonsezi ife tinkati ndi tsoka, ena ankati ndi anthu oipa a ku esiteti anawamanga, ndipo bambo a Hana ankati ndi mmene Mulungu anawalengera. Za mgolo uja palibe anaganizapo. Kunyumba ndinalephera kukhala pansi. Ndinachapa zovala zochapa kale. Nkhani iyi ndi khoswe wa pamkhate: ndikamuleka amuna anga apita ku Zomba, ndikamumenya ndiswa nyumba yanga. M'mawa uno ndavala, ndamutenga Hana, ndabwera.

Tsopano lembani izi, ndipo musandifunse kawiri.

Titakwatirana tinakhala zaka zisanu popanda mimba. Poyamba ankanena ine. Ndinamwa mizu yowawa ya mitundu yonse, ndinatemedwa mphini m'chiuno ngakhale ndine wa mpingo. Kuchipatala anandiyeza, anati ndilibe vuto. Pamenepo maso onse anatembenukira kwa amuna anga. Tinkakhala kwathu ku Malindi, iwo ali mkamwini. Akamadutsa, amayi pachitsime ankatsokomola. Mu 1979 amalume anga, a Andreya, amene analinso ankhoswe athu, anatiitana. Anati mbumba yawo singathere pa ine, ndiye pali njira ziwiri: a Jenkins anyamule mphasa yawo azipita, kapena avomere kuthandizidwa. Ine ndinati sindikufuna mwamuna wina, ndikhala nawo choncho. Amalume anati zimenezo si zanga ndekha. A Jenkins anati, "Enid sindimusiya. Ndithandizeni."

Anasankha okha munthu wake. Ndi a Dyson, mwana wa mayi awo aang'ono, wofanana nawo msinkhu, khungu, mpaka mpata wa m'mano. Sabata imeneyo a Jenkins anapita kunyanja ndi asodzi a khoka la chilimira, iwo osakhala msodzi, ndipo anabwera manja atatupa ndi zingwe. Odziwa tinali anayi: ine, iwo, a Dyson ndi amalume, amene anamwalira chaka chatha. Pangano linali lakuti a Dyson achoke ku Malindi, ndipo anachokadi. Ali ku Chiponde, amakonza njinga pafupi ndi msika, pansi pa mtengo wa mango.

Hana atabadwa, anamunyamula koyamba ndi a Jenkins. Dzina anamutcha ndi iwo. Atadwala chikuku anamubereka kumbuyo ngati mzimayi, anthu akuseka, kuyenda naye mpaka kuchipatala. Amayi a pachitsime aja anati mwana watengera bambo ake mpata wa m'mano, ndipo anasiya kutsokomola.

Maulendo awiri a ku Chiponde anali a nkhani yomweyi. Hana wakula, anthu ayambanso kufunsa kuti mng'ono wake ali kuti. Bambo a Hana anapita kukapempha a Dyson kachiwiri. Ulendo woyamba a Dyson anakana, ati tsopano ali pabanja. Ulendo wachiwiri anati aganize. Palibe munthu wa kutsidya amene anakumana naye. Ananyamula usipa wouma wopatsa mbale wawo, anabwera ndi manyazi okhaokha. Tumani wapolisi akawafunse a Dyson. Poyamba akana, chifukwa analumbira. Mukawauze kuti Enid wanena kale, ndipo a Jenkins ali m'chitokosi.

Ndiye munthu amene mukuti anatumidwayo, anamutuma ndi zimenezi. Tsiku lililonse ankaona amuna anzake akumwetsedwa mankhwala omwe aja anawanyowetsa iwo, akulephera monga analepherera iwo, akusekedwa ndi mawu omwe ankawamva ku Malindi. Anachita chimene akuluakulu anawachitira iwo, poti ndi chithandizo chokhacho chimene amachidziwa. Analakwa, sindikuwaikira kumbuyo. Ntchito ya a Dokotala yaonongeka, ndipo anyamata a ku nazale abaya nthaka chaka chino chifukwa cha kalata yolakwika. Ngati pali chilango cha zimenezo, alangidwe pa zimenezo. Koma za ndale sadziwa kanthu. Munthu amene amalephera kupha nkhuku ya Khirisimasi angagwetse boma la yani?

Ndikupempha kuti mawu awa akafikenso kwa a Dokotala Maurice. Dzulo ndinawasiya akuthokoza Mulungu pa chinthu chimene sichinachitike. A Jenkins sanapulumuke. Ngati a Dokotala akufuna umboni wa zimene mankhwala aja amachita, asadikire makoswe ena chaka chamawa. Ku Namwera kuli amuna amene anagwira ntchito limodzi ndi amuna anga. Awiri ndikuwadziwa, onse anasudzulidwa chifukwa chosowa mwana, ndipo mmodzi amangomwa kachasu. Akawayeze amenewo. A Jenkins akavomera, awayezenso.

Mwandichenjeza kuti pepala ili liwerengedwa ndi anthu ambiri, mwinanso m'khoti. Ndikudziwa. Likafika ku Malindi ansembe andiimitsa mgonero, ndipo yunifolomu ya amayi ndiipinda. Bambo Willard apeza choseka cha chaka chonse. Amuna anga anena kale kuti ndisadzawayang'anenso kumaso, ndipo si munthu wolankhula zopanda pake. Zikundiwawa, ndipo ndili ndi mantha. Ndakwiya nawonso iwowo, chifukwa anasankha kuti mwana akule wopanda bambo kusiyana n'kuti anthu adziwe. Koma kuli bwino andikwiyire ali ku Nkopola, akudutsa pakhomo osandilonjera, kusiyana n'kuti andikonde ali kumene sindingawapititsire chakudya.

Hana ali panja pa benchi ndi Keti. Wanyamula kambale ka chinangwa chophika, akuti apatsa ababa ake yekha. Ngati n'kotheka muloleni alowe musanawawerengere pepalali, adye kaye ndi mwana wawo asanadziwe zimene ndachita.

Mwandiwerengera zonse, ndipo ndamva. Ndi mmene ndanenera, kupatula chinthu chimodzi. Kumene ine ndimati bambo a Hana, kuchiyambi munalemba momwemo, koma nditafika pa nkhani ya a Dyson ndinaona mukubwerera m'mbuyo ndi cholembera, ndipo mwandifunsa ngati mufufute mawuwo kuti pepala likhale loona. Musafufute. Pamene mwakhwatcha kale paja mubwezerepo. A Dyson anabwera sabata imodzi n'kupita. Amene Hana akumudikira pa benchipo ndi amene ali m'chitokosi mwanu.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa, ndipo ndasaina ndi dzanja langa.

Enid Chikwenga, mkazi wa bambo a Hana ............................

Wolemba umboni ............................